Matikiti Atha, Koma Dobadoba Ali ndi Buku Lonse

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene mudadutsa m'manja mwanga kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, lero sindikamba za mayeso kapena za malipiro. Ndikamba za bodza lina limene lazika mizu mu Blantyre muno, bodza la mawu awiri okha: matikiti atha. Mawu amenewa mumawamva Lachitatu kusitolo kumene okonza shoo adalengeza kuti tikagule matikiti shoo isadafike. Ndiye Loweruka mukafika pageti, matikiti amene adatha aja mumawapeza ali m'manja mwa anyamata atatu kaya anayi, ataima cha kumpanda, akugulitsa mowirikiza kawiri, pena katatu. Atha bwanji tsono? Sadathe ayi. Adangosamuka kuchoka pakauntala kupita m'thumba la dobadoba.

Ambiri tikakwiya timatukwana mnyamata wapageti uja. Ine ndikuti mkwiyo umenewo tikuuponya pafupi kwambiri. Mnyamata ameneyu alibe makina osindikizira matikiti. Alibenso mpamba wogulira matikiti 200 nthawi imodzi, poti akadakhala nawo sakadaima padzuwa tsiku lonse akuthamangitsana ndi apolisi. Pali wina amene amamupatsa, ndipo wina ameneyo amakhala mkati, atavala kabaji pakhosi.

Poyamba timvetsetsane chifukwa chimene nkhani ya tikiti siili yaing'ono. Ife a zaka za m'ma 40 tidakula nthawi imene woimba amadya za makaseti. Munthu amajambula nyimbo, n'kupita nazo kwa O.G. Issa, makaseti n'kumwazikana kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Umu ndi mmene Lucius Banda, Billy Kaunda, Mlaka Maliro ndi Evison Matafale adalowera m'nyumba zathu. Nthawi imeneyo idapita. Kudabwera ma CD, kenako anyamata a makompyuta m'misika ya Ndirande ndi Limbe odzaza nyimbo mahandiredi mu memory card pamtengo wa mandasi angapo, ndipo lero nyimbo ikatuluka m'mawa, masana yafika kale pa WhatsApp ya aliyense. COSOMA imayesetsa kutolera kangachepe, koma palibe woimba angalipire lendi ndi fizi ya ana podikira zimenezo. Munda wa woimba wa lero ndi pageti. A Black Missionaries akamazungulira dziko lino Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, sikuti amadana ndi tulo. Ndiye kuntchito kwawo kumeneko. Choncho aliyense amene akudya pageti osaimba, osanyamula sipika, osasesa holo, akukolola m'munda wa eni.

Chachiwiri, malo ochitira zoimbaimba mu mzinda uno ndi owerengeka. Tili ndi Robin's Park, Comesa Hall ku Chichiri, Blantyre Cultural Centre imene akuluakulufe timaitchulabe kuti French, ndi maholo a m'mahotela amene mphunzitsi amalowamo pokhapokha kukakhala workshop. Anthu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri onse pamodzi sangakwane m'malo amenewa ngakhale mutawapanikiza ngati matemba. Woimba akakhala wotchuka, kapena akachokera kunja, mipando imachepa ndithu. Izi ndikuvomereza. Koma kuchepa kwa mipando n'chifukwa chake pamafunika chilungamo pogawa. Nsima ikachepa pamaliro, mpamene pamafunika munthu wamaso pogawa, osati woibisa kuseri kwa nyumba n'kumagulitsa kwa anamfedwa.

Chaka chatha ine ndi mayi a kunyumba tidafuna kukaonera shoo ina mumzinda momwe muno. Sinditchula malo kapena okonza, poti khalidweli si la munthu mmodzi. Tikiti idalengezedwa pa K10,000. Nditaweruka Lachitatu ndidakwera minibasi ziwiri kuchokera kwathu ku Machinjiri kupita kumene amagulitsa. Mtsikana wapakauntala sadadzutse n'komwe mutu: atha. Loweruka tidapitabe, poganiza kuti mwina pageti atsalako. Tisadafike n'komwe pamzere ndidamva, "Sir! A Sir!" Kutembenuka, ndi mnyamata amene ndidamuphunzitsa masamu zaka zingapo zapitazo, mwana wanzeru bwino amene adakhoza MSCE koma sadapeze malo ku koleji. M'manja mwake munali buku la matikiti, losang'ambidwa, lomata bwinobwino.

"Ena ndikuwapanga 25, koma inuyo Sir mungondipatsa 20."

Ndidamupempha kuti ndione bukulo. Manambala ake anali ondondozana, kuyambira tikiti yoyamba mpaka yomaliza, osadumpha ngakhale imodzi. Ndidamufunsa kuti, "Iwe, buku lathunthu ngati ili walitenga kuti?" Adaseka mwamanyazi, n'kuyang'ana cha kugeti. "Amatipatsa ndi mabwana, Sir. Ife timangodyapo ya sopo. Zambiri timakapereka shoo ikatha."

Sindidagule. Tidabwerera, tidagula chipisi panjira, mayi a kunyumba sadandiyankhule mpaka pa Luwanda.

Anzanga a masamu, taonani nkhani ya manambala ondondozanayi. Munthu amene wagula matikiti awiri n'kupezeka kuti mnzake wadwala, akagulitsa imodzi pageti, ameneyo ndilibe naye mlandu. Ngakhale dobadoba amene watuma abale ake asanu kukafola pamzere, matikiti ake amakhala odumphadumpha. Koma buku lathunthu silifola pamzere. Limatuluka mu ofesi, kapena kuseri kwa kauntala, lisadaonedwe ndi wogula aliyense. Palinso matikiti aulere aja amati ndi a alendo olemekezeka, a atolankhani ndi a makampani othandiza shoo, amene amathera m'manja momwemo. Khoswe wapadenga adaulula wapadzala.

Tingoyerekeza, monga timachitira pabolodi. Holo ikulowa anthu 1,000, tikiti ndi K10,000. Onse akalowa, pageti papezeka K10 miliyoni, ndipo pamenepo mpamene padye woimba, oimba zida, mwini holo, mwini zokuzira mawu, alonda ndi osindikiza mapositala. Tsopano matikiti 300 atuluke pakhomo lakumbuyo n'kugulitsidwa pa K25,000. Yapamwamba ndi K15,000 pa tikiti, kuchulukitsa ndi 300, ikukwana K4.5 miliyoni. Pafupifupi theka la ndalama ya shoo yonse, yotengedwa m'matumba mwa anthu omwewo, koma siilembedwa paliponse. Woimba amene adagwirizana kuti alandira gawo la zapageti sadzaiona. Woimba ng'oma amene watuluka thukuta maola anayi abwerera ku Chileka kapena ku Bangwe ndi ya transipoti yokha.

Mu staff room nditadandaula, mnzanga wina wophunzitsa Business Studies adandiseka. Adati imeneyo ndi geni basi, katundu akachepa mtengo umakwera, ndipo palibe amene amakukakamiza kugula. Mfundo imeneyi ndaimva kambirimbiri, ndipo ndikufuna ndiiyankhe bwinobwino poti imamveka ngati yanzeru.

Mayi amene amadzuka 3 koloko m'bandakucha kukapikula tomato kwa alimi a ku Ntcheu kapena ku Bvumbwe, n'kudzagulitsa pamsika wa Zingwangwa, amakweza mtengo, inde. Koma wandichitira ntchito. Wandibweretsera tomato pafupi, walipira galimoto, ndipo akaphwanyika panjira luza ndi yake. Phindu lake ndi malipiro a thukuta. Nanga dobadoba wa matikiti wandichitira chiyani? Tikiti inali pakauntala pamene ine ndidapita ndi ndalama yanga m'manja. Iye ndi bwana wake adaichotsapo kuti ndisaipeze, kenako akundilipiritsa kuti andibwezere. Kusowa kumene akundigulitsako adakupanga okha. Zikufanana ndi munthu wotseka mlatho ndi mtengo n'kumalipiritsa owoloka, pomwe mlathowo sadamange ndi iye. Ndipo zoti palibe wokakamiza, kauzeni mtsikana wa ku Chilomoni amene wasunga ndalama mwezi wonse, wasoketsa diresi, wafika pageti 7 koloko usiku, anzake ali kale mkati.

Wina anganene kuti mwini shoo walandirabe K10,000 yake pa tikiti iliyonse, ndiye waluza chiyani? Waluza ine. Munthu amene wakamuliridwa K25,000 mwezi uno sapitanso ku shoo ya mwezi wamawa, ndipo amene wabwerera pageti ngati ine amayamba kuzolowera kukhala pakhomo. Komanso madobadoba akakhala ndi dyera kwambiri matikiti amawatsalira, ndiye mumaona zodabwitsa: panja anthu ali mbwee, mkati mipando ili mbee, woimba akuimbira mipando.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti khalidwe limeneli si lachilendo kwa ife. Talidziwa kalekale, langosintha malaya. Makuponi a feteleza atayamba mu 2005, sipadatenge nthawi kuti tiyambe kumva za mavenda ogula makuponi kwa anthu osauka. Chimanga chikasowa, timamva kuti pa ADMARC chatha, koma kunja kwa mpanda mavenda ali nacho matumbamatumba. Mu 2011 ndi 2012 tidagona pamizere ya mafuta pomwe anyamata a zigubu akugulitsa petulo yemweyo m'mbali mwa msewu, ndipo zimenezi zidabwereranso kuyambira 2022. Mu 2024 udali shuga. Madola ndiye osanena: kubanki kulibe, pamsewu alipo. Paliponse ndondomeko yake ndi imodzimodzi. Katundu wamtengo wodziwika amasowa pakhomo lakutsogolo, amatulukira kumbuyo, ndipo pamakhala wamkati amene amatsegula chitseko. Tazolowera mpaka tidapeka mwambi wodzikhululukira nawo, woti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mbuzi imeneyi yatha msipu, tsopano yayamba kudya chingwe.

Ndisanamizire okonza mashoo zonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense woitanitsa woimba wakunja, amene amafuna malipiro ake m'madola, adaona zakuda. Zida zabwino n'zodula, jenereta imamwa dizilo. Ngati shoo ikufunika K30,000 pamunthu kuti ibweze ndalama, lembani K30,000 papositala. Ndiona ndekha ngati thumba langa lingakwanitse, ndipo ndikalephera sindidandaula. Chimene ndikukana ndi kulemba 10 papositala kuti muoneke okonda anthu, pomwe mtengo weniweni mwaubisa m'thumba la mwana wa eni pageti.

Okonda mpira mukudziwa kuti ku Kamuzu Stadium nkhani yake ndi yomweyi, makamaka Maule akamakumana ndi Manoma. Nyuzipepala zakhala zikulemba zaka ndi zaka za matikiti achinyengo, matikiti ogulitsidwa kawiri, ndi ndalama zapageti zosagwirizana ndi khamu limene aliyense waliona ndi maso. Ndipo apa mpamene nkhaniyi imasiya kukhala ya ndalama yokha. Pageti pakalowa katangale, palibe amene amadziwa kuti mkati muli anthu angati. Pa 11 April 2001 ku Ellis Park mu Johannesburg, pamasewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, anthu 43 adafa atapanikizana. Kafukufuku amene adatsogolera Jaji Bernard Ngoepe adapeza kuti, mwa zina, alonda ena amalandira ziphuphu n'kumalowetsa anthu opanda matikiti. Kwathu kuno sitidaiwale za pa 6 July 2017 ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa popanikizana pageti. Tsiku limenelo kulowa kunali kwaulere, ndiye sinali nkhani ya madobadoba, koma lidationetsa chimene geti yosayendetsedwa bwino ingachite. Ife aphunzitsi timaperekeza ana ku zochitika zotere. Tiyenera kukhala oyamba kuchita mantha.

Musaganize kuti ndi matenda a Amalawi okha. Pa 31 August 2024, gulu la Oasis la ku Britain litayamba kugulitsa matikiti a mashoo ake obwererana, anthu adafola pa intaneti maola ambiri, ndipo atafika kutsogolo ena adapeza tikiti ya mapaundi pafupifupi 150 yafika pa 355 pa Ticketmaster pomwepo, osanena za ogulitsanso amene amatchula masauzande. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko anthu akakwiya zinthu zimasuntha. Bungwe loona za mpikisano pamalonda lidayamba kufufuza, ndipo mu November 2025 boma la Britain lidalengeza kuti likhazikitsa lamulo loletsa kugulitsanso tikiti pamtengo woposa umene idagulidwira. Dziko la Ireland lidachita kale zimenezi mu 2021 pa malo ndi zochitika zikuluzikulu. Ku England kugulitsa tikiti ya mpira popanda chilolezo ndi mlandu kuyambira 1994. Ndipo okonza phwando la nyimbo la Glastonbury sadadikire boma: kuyambira 2007 wofuna tikiti amayamba walembetsa ndi chithunzi chake, ndipo chithunzicho chimasindikizidwa patikitipo. Ukagula kwa dobadoba, wagula nkhope ya munthu wina.

Mwina muti zimenezo n'za azungu. Ayi ndithu. Ife tomwe timachita zimenezi chaka chilichonse. Mwana aliyense wolemba mayeso a MANEB amalowa m'chipinda ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chake ndi nambala yake, ndipo ife oyang'anira mayeso timayang'ana nkhope imodziimodzi, kuyambira sukulu za mtauni mpaka CDSS ya kumudzi kwenikweni kopanda magetsi. Ngati tikutha kutero ndi ana masauzande ambirimbiri m'dziko lonse, holo imodzi ya anthu 1,000 ingatikanike? Kuyambira 2017 tili ndi ziphaso za unzika. Nambala zathu za foni zidalembetsedwa m'maina athu. Airtel Money ndi TNM Mpamba zili m'thumba mwa aliyense, mpaka agogo ogulitsa makala. Munthu alipire pafoni, alandire nambala yake, nambala imodzi ya foni isagule matikiti oposa anayi, pageti aonetse uthengawo, ukagwira ntchito kamodzi uthe mphamvu. Okonza mashoo ena adayamba kale kugulitsa motere, ndipo ndimawayamikira. Ndikudziwa kuti akuba sagona. AIP itayamba mu 2020 n'kusiya makuponi kuti anthu azigula feteleza ndi ziphaso za unzika, tidamvanso za mavenda otolera ziphaso za anthu. Koma kutolera mafoni 75 kuti upeze matikiti 300 ndi ntchito yolemetsa kusiyana ndi kungolandira mabuku atatu pawindo lakumbuyo. Wakuba ukamuchulukitsira ntchito, ambiri amagwa ulesi.

Ngakhale osafuna za foni, pali zinthu zosalira ndalama n'komwe. Lembani papositala kuti matikiti onse ndi angati, ndipo aulere ndi angati. Aulerewo akhale a mtundu wina, olembedwa dzina. Sitolo iliyonse yogulitsa ipatsidwe manambala odziwika, kuti buku likapezeka pamsewu tidziwe kuti latuluka pakhomo la yani. Amene akukana zinthu zosavuta ngati zimenezi atiuze chimene akuopa.

A Musicians Union of Malawi, nkhaniyi ndi yanu kuposa wina aliyense, poti obedwa ndi mamembala anu. A Competition and Fair Trading Commission, tidakuonani mukuyendera masitolo pa nkhani ya shuga, ndiye tikiti nayonso ndi katundu, ndipo wogula tikiti ndi wogula ngati wina aliyense. A CAMA, bambo John Kapito akhala akukuwa zaka zambiri pa za mitengo ya zinthu, tikupempha liwu lomwelo lifikeko pageti. Apolisi amene mumakhala pamashoo, kuthamangitsa mnyamata wa buku n'kumulanda kangachepe sikuthetsa kanthu. Mufunseni amene wamupatsa, ndipo mulowe naye mkatimo akamuloze.

Tsopano inu ana anga akale. Ndikudziwa kuti muli mbali zonse zitatu za nkhaniyi. Ena mwa inu zinthu zidakuyenderani, muli m'mabanki ndi m'mabungwe, ndipo K25,000 kwa inu ndi ya mowa wa Lachisanu. Mukafika pageti mumangotulutsa osatsutsa n'komwe, mwinanso kunyadira kuti inu simufola. Dziwani kuti ndinu amene mumaika mtengo umene mnzanu wa m'kalasi mwanu, amene lero akuyendetsa kabaza ku Ndirande, akulephera kuufikira. Dobadoba akatsala ndi buku lake m'manja mashoo awiri otsatizana, bwana wake sadzatulutsanso lachitatu.

Ena ndinu amene mumaima pageti ndi mabukuwo. Sindikunyozani. Ndikudziwa kuti satifiketi ili mu sutikesi, ntchito kulibe, ndipo pakhomo akufuna ndiwo. Koma taganizani amene amagona mu selo zinthu zikavuta. Amene amamenyedwa ndi anthu okwiya tikiti ikapezeka kuti ndi yachinyengo ndi ndani? Bwana wa kabaji uja amakhala ali ku VIP akumwa zozizira, ndipo mukagwidwa adzalumbira kuti sakudziwani. Mukunyamula ngozi yonse pa ndalama ya sopo.

Ndipo pali ochepa mwa inu amene tsopano ndinu okonza mashoo, mameneja a oimba, kapena ogwira ntchito m'masitolo ogulitsa matikiti. Ndimaona maina anu pamapositala ndipo ndimanyada, ndimauza anzanga kuti uyu adali wanga, amakhala desiki yakumbuyo. Kwa inu pempho langa ndi lachindunji. Shoo yanu yotsatira, lembani chiwerengero cha matikiti papositala, gulitsani anayi okha pamunthu, ndipo shoo ikatha muonetse woimba mabuku onse, ogulidwa ndi otsala, manambala ake ali poyera. Ngati mukusowa wowerengera, tilipo aphunzitsi a masamu ambiri ku Machinjiri ndi ku Bangwe amene Loweruka timangokhala. Ine ndibwera ndi cholembera changa chofiira, ndipo tikiti yanga ndidzagula ndekha pakauntala.